Mvula Imene Etinala Anailira

Nkhani iyi ndinaimva kwa mayi wina amene tinkakhala naye benchi limodzi kutchalitchi, ndipo iyeyo anaimva kwa azakhali ake. Ndikukusimbirani, ana anga, monga momwe anandisimbira. Pamene sindikudziwa sindiikapo zanga, pakuti za mumtima mwa munthu amazidziwa bwino ndi Mulungu yekha.

M'mudzi wa Kamtedza, umene unali m'mbali mwa phiri, munali akazi awiri a bere limodzi. Wamkulu anali Etinala, wamng'ono anali Delifa. Nyumba ya Delifa inali kumtunda, ya Etinala inali kumunsi chakum'mawa, ndipo pakati pa nyumba ziwirizi panali malo otsetsereka okhala ndi chulu chachikulu.

Etinala anali wamasiye. Mwamuna wake anamwalira kalekale, ndipo ana ake atakula anapita kukakhala kutali. Amene anatsala naye m'nyumba anali amayi ake, a Nangondo, nkhalamba yofooka miyendo koma yolimba pakamwa. Kwa zaka khumi ndi ziwiri Etinala ndiye ankawatenthetsera madzi osamba, kuwathowa maondo, ndi kuwasinjira fodya wawo wa m'mphuno. A Nangondo kuthokoza sankakudziwa.

"Phala ili ndi la munthu kapena la nkhumba?" ankafunsa chotero m'mawa uliwonse, uku akukombeza mbale ndi chala.

"Ndi la nkhumba, amayi. Bweretsani ndikaipatse."

"Leka. Ndalawako kale, ingadwale."

Umu ndi momwe ankakhalira. Wodutsa panjira akanaganiza kuti akukangana, koma kwa Etinala mawu amenewa ndiwo anali moyo wa nyumba yake. Popanda iwo, m'nyumbamo mukanangomveka makoswe okha.

Delifa anakwatiwa ndi Layisoni, mkamwini wochokera kutsidya kwa mtsinje, munthu wosalankhulalankhula koma wolimbika pa ntchito. Mwambo ankausunga ndithu. Iye ndi apongozi ake sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, ngakhale kukhala pamphasa imodzi. Akawaona ali pakhonde, ankalambalala kuseri kwa nkhokwe. Akakhala ndi mawu oti awauze, ankadzera mwa mkazi wake, ngakhale apongoziwo ali pomwepo akumva.

Chaka china m'chilimwe, Layisoni anagumula chulu chija n'kuyamba kuumba njerwa. Patapita masiku, Delifa anatsikira kwa mkulu wake nkhope ikuwala.

"Amayi, bambo akunyumba akuti timange nyumba ya zipinda zitatu. Chimodzi n'chanu. Chidzakhala ndi zenera loyang'ana kum'mawa, kuti dzuwa lizikupezani muli chigonere."

"Zenera!" anatero a Nangondo akuomba m'manja. "Wamva, Etinala? Ine ndikagona m'nyumba ya zenera ndisanafe. Muno ngakhale masana munthu amafufuza ndodo yake ndi phazi."

Etinala anali akupeta mphale. Anangoti, "Zabwino zimenezo," koma lichero linamulemera m'manja.

"Inunso mupumeko, achemwali," anawonjezera Delifa mokoma mtima. "Mwatopa nawo amayiwa."

Mawu amenewa ndiwo anamubaya kwambiri. Kupuma? Anapempha ndani kuti apume? Palibe amene anamufunsa. Anthu awiri anangokhala pansi kumtundako n'kugwirizana zomuchotsera munthu mmodzi yekha amene anamutsalira, kenaka n'kumuuza ngati akumupatsa mphatso.

Kuyambira tsiku limenelo a Nangondo analibe nkhani ina koma ya zenera. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamuuza. "Mkamwini wanga ndi munthu, inu. Akundimangira chipinda changachanga." Etinala ankamva ali pamoto, maso akumuwawa ndi utsi, n'kumadzifunsa kuti zaka khumi ndi ziwiri zothowa maondo zingapepuke bwanji kuposa dzenje limodzi la pakhoma. M'mawa uliwonse kumtunda kunkamveka chikombole chikumenya pansi, pha, pha, ndipo njerwa iliyonse yotuluka m'chikombolemo ankaimva ngati phazi la amayi ake likuchoka pakhomo.

Koma ntchito ija inachedwa. Chaka chimenecho zitsime zinaphwa msanga, ndipo madzi opondera dothi ankachokera kutali. Pofika Novembala njerwa zinali zitauma ndi kusanjidwa mu uvuni, koma zinali zisanaotchedwe. Panatsala kututa nkhuni za masiku atatu okha. Poopa mvula, Layisoni anafolera pamwamba pa uvuni ndi udzu wochindikala, ndipo kumtunda kwake anakumba ngalande yakuya yoti izitenga madzi ochokera m'phiri n'kukawataya kukhwawa.

Mvula nayo inachedwa. Minda inali italimidwa, mbewu zili m'madengu, koma kumwamba kunali mbee. Lamulungu lina mkulu wa mpingo anati anthu apempherere mvula, ndipo anasankha Etinala kuti atsogolere, pakuti ankadziwika kuti ndi mayi wa mapemphero. Etinala anagwada, napemphera mpaka misozi.

"Tipatseni mvula, Atate. Musachedwe nayo. Igwe sabata ino, igwe yambiri, isasiye kanthu kouma."

Mpingo wonse unavomera kuti ameni, aliyense akuganiza za munda wake. Wondisimbira uja pofika apa ankatsitsa mawu, n'kunena kuti pemphero linali labwino pakamwa, koma maso a mumtima mwa wopempherayo anali pa uvuni.

Lachitatu m'mawa kunacha kuli bii kuphiri, mphepo ikununkha chinyezi. Etinala anatenga khasu kuti akaone mizere yake, ndipo njira inamudutsitsa kumtunda kwa uvuni. Anaima. Anaona udzu wofoleredwa bwino, anaona ngalande yakuya yoyenda mokhotakhota mpaka kukhwawa, ndipo anazindikira kuti mvula payokha sichita kanthu. Idzagwa, idzakata, njerwa zidzaotchedwa, amayi adzapita.

Anayang'ana uku ndi uku. Layisoni anali atalawirira kukatenga nkhuni. Etinala anagubuduzira miyala itatu m'ngalandemo, naitseka m'mipata ndi zibuma, kenaka anagumula pang'ono m'mphepete mwa ngalande mbali yoyang'ana ku uvuni. Ntchito yonse sinatenge nthawi yoti madzi n'kuwira pamoto.

"Sindinakhudze njerwa ya munthu," anadziuza yekha akutsika. "Ndangosuntha dothi. Zotsalazo n'za mvula."

Anaimika khasu kuseri kwa chitseko, nasamba m'manja, nawaphikira amayi ake phala.

Madontho oyamba anagwa nkhuku zisanathe kutola madeya pabwalo. Delifa anafika akuthamanga, dengu la mtedza wambewu lili pamutu, atalifunditsa chitenje. Unali mwambo wawo kuyambira ali atsikana kuti tsiku la mvula yoyamba azisendera mtedza pamodzi, kukonzekera kubzala mawa lake. Posakhalitsa padenga panamveka mtswatswa. Anali Layisoni, amene anakumbukira kuti denga la alamu ake limadontha pamalo pamene apongozi ake amagona, ndipo anabwera ndi mtolo wa udzu kudzatseka. Potsika, mvula inali itakhuthuka waaa, moti ngakhale nkhokwe sinkaoneka. Anaima pakhonde, koma mphepo inkamuwaza madzi thupi lonse.

"Delifa," anatero a Nangondo, "uwauze amuna ako alowe, angatifere pakhonde. Ine nditembenukira kukhoma."

Layisoni analowa mowerama, nakhala pakampando kuseri kwa chitseko, nkhope atalozetsa kuchitsekoko. A Nangondo anapereka msana, nkhope kukhoma. Akazi awiri aja anakhala pakati, dengu lili pamiyendo.

"Uwafunse ngati sakuzizidwa," anatero a Nangondo.

"Akuti simukuzizidwa?"

"Uwauze kuti ndili bwino," anayankha Layisoni.

"Akuti ali bwino, amayi."

"Ndamva. Sindine gonthi."

Delifa anaseka mpaka kutaya mtedza. Anaika phale pamoto n'kukazinga chimanga, ndipo fungo lake linasakanikirana ndi la dothi lonyowa lolowera pansi pa chitseko. M'nyumba munali mdima ngati madzulo. Makoko a mtedza ankalira thwa, thwa, m'zala, ndipo kunja madzi ankatsika m'mphepete mwa denga ngati zingwe.

"Mvula iyi ndi ya Etinala," anatero a Nangondo akutafuna chimanga ndi mano awo atatu. "Akuti anailira Lamulungu mpaka mamina."

"Eetu," anavomera Delifa. "Achemwali, pemphero lanu n'loopsa. Mukadzandikwiyira mudzandiuziretu, ndidzathawe."

Etinala anamwetulira pang'ono osadzutsa mutu. Makutu ake anali kumtunda. Ankawaona m'maganizo madzi akutsika m'phiri, akufika pamiyala itatu ija, akukhota, akulowa pansi pa uvuni, njerwa za m'munsi zikufewa ngati mbatata yophika. Mumtima mwake munali kachisangalalo kowawa, konga ka munthu wokanda chilonda. Anayang'ana msana wa amayi ake wopindika uja n'kunena chamumtima, "Chaka chino simupita."

"Delifa, uwafunse," anayambanso a Nangondo, "zenera langa silisungunuka ndi chimvula ichi?"

Layisoni anatsokomola, nayankha akuyang'ana chitseko. "Uwauze asade nkhawa. Pamwamba ndafolera, ndipo ngalande ndinaikumba yakuya. Ndinaitalikitsanso dala mpaka kukhwawa. Madzi onse a m'phirimu amatsikira pamene panali chulu paja. Kale chulucho ndicho chinkawapatutsa. Tsopano popeza ndachigumula, akanabwera molunjika kunyumba ino. Ndiye ndinati ndisapulumutse njerwa n'kumiza alamu anga."

"Anena zoona," anatero a Nangondo. "Pano pamene takhalapa pankadutsa madzi ine ndili mtsikana. Malemu amuna ako, Etinala, ndinawaletsa kumanga pano, koma anali ndi makutu a mphika."

Mtedza umene unali m'manja mwa Etinala unagwa pansi. Za kumene madzi adzapite akatha kunyowetsa njerwa, sanaziganizire n'komwe. Maganizo ake onse anathera pa uvuni, ngati kuti dziko linathera pomwepo.

Anaimirira. "Ndikaone nkhuku."

Nthawi inalipo. Akanatha kuthamanga n'kukachotsa miyala ija. Koma zibuma zinkafuna khasu, ndipo khasu linali kuseri kwa chitseko, pafupi ndi bondo la Layisoni, dothi lofiira la m'mawa likadali pamenepo. Anatambasula dzanja.

"Alamu," anatero Layisoni modabwa, "nkhuku mukaziona ndi khasu?"

Dzanja la Etinala linaima m'malere. Pakamwa pake panatseguka, ndipo wondisimbira uja ankati choonadi chinali chitafika kale pa lilime. Koma nthawi yomweyo a Nangondo analankhula kuchokera kukhoma kuja.

"Khala pansi iwe, nkhuku zili ndi nzeru kuposa iwe, zabisala kale. Delifa, uwauze amuna ako kuti mwana wamwamuna amene Mulungu anandimana ndam'peza. Munthu woganizira ngakhale madzi a pansi! Ena timakhala nawo zaka ndi zaka, phala lokha kuwakanika."

Anali macheza awo a masiku onse. Tsiku lina lililonse Etinala akanabweza mawu, onse n'kuseka. Koma tsiku limenelo mawuwo anagwera pabala. Anayang'ana mlamu wake, munthu wobwera, amene sanachapepo nsalu ya nkhalambayo ngakhale kamodzi, akutchedwa mwana. Dzanja lake linabwerera. Anakhala pansi, natenga mtedza wina.

"Mwina madzi athera panjerwa pomwepo," anadzinamiza. "Mwina mvula ikata."

Mvula sinakate. Inachepa pang'ono masana, kenaka inayambiranso ndi mphamvu. Anadya mbatata yootcha. Delifa anasimba za mbuzi ya mnansi wawo imene inadya sopo, Layisoni anasema mpini wa chikwakwa ndi kampeni kake, ndipo a Nangondo anawodzera atatsamira khoma lakumtunda. Etinala yekha ndiye sanalawe kanthu. Dengu la mtedza linatha, iye n'kumangosenda makoko opanda kanthu. Kangapo konse anati anene, ndipo kangapo konse anaona m'maganizo nkhope ya mng'ono wake ikusintha, n'kumeza mawu.

Chakumadzulo pang'ono phokoso la kunja linasintha. Pamwamba pa kulira kwa mvula panabwera mawu ena apansipansi, ngati ng'ombe zambiri zikupuma kuseri kwa nyumba. Kenaka Delifa anakuwa.

"Amayi, mphasa yanu!"

Pansi pa khoma lakumtunda panali patatuluka mzere wofiira, ukukwawa pang'onopang'ono kulowera pamphasa. Sanali madzi wamba. Anali olemera, okhuthara ngati phala la mawere.

"Madzi awa afiira chonchi bwanji?" anafunsa Delifa.

Layisoni anaiwala zoyang'ana kuchitseko. Anafika, naviika chala, nafikisa pakati pa zala ziwiri. Munthu amene waponda dothi miyezi inayi salisokoneza ndi lina.

"Ili ndi dothi la chulu," anatero motsitsa. "Izi ndi njerwa zanga."

Anatsegula chitseko. Kunja bwalo kunalibe. Matope ofiira ankayenda mbali zonse ziwiri za nyumba, atanyamula udzu wofolera uvuni uja. Atacheuka anaona khoma lakumtunda likutupa ngati mimba, ndipo mng'alu unatsika kuchokera kudenga mpaka pansi.

"Tulukani! Tulukani nonse!"

Etinala anathamangira amayi ake. "Ndiwabereka ine! Ndi amayi anga!" Anawakweza kumsana monga ankachitira powapititsa kukasamba, koma atangoponda pakhomo, matope anamufika m'maondo, phazi linaterereka, ndipo anagwada pansi. Delifa anawagwira amayiwo asanagwe. Anayesa awiriwiri, koma matope ankawakoka miyendo, ndipo kumbuyo kwawo khoma linkalira.

Layisoni anaima kanthawi kochepa ngati kupuma kumodzi. Kenaka anachita chimene sanachitepo chikwatirire m'mudzimo. Anawayang'ana apongozi ake kumaso, nalankhula nawo yekha.

"Amayi, mundikhululukire." Anagwada n'kuwapatsa msana. "Kwerani."

"Delifa, uwauze kuti..."

"Palibe zouzana lero, amayi. Kwerani!"

A Nangondo anamukolowola m'khosi ndi manja awo owonda. Anatuluka onse anayi, akazi awiri atagwirana, ndipo asanafike pankhokwe anamva khuu kumbuyo. Khoma linagwera m'kati, pomwe panali mphasa ya nkhalamba ija, ndipo denga linagwada n'kukhala pamatope.

Anakwera mozungulira, akugwira zitsamba. Pamene panali uvuni panali mulu wofiira wosaoneka mutu wake, ukusungunukabe. Atafika pangalande, Layisoni anaima apongozi ake ali kumsana. Madzi anali atakokolola zinyalala zonse, koma miyala itatu inali pomwepo, yosanjidwa bwino, ndipo m'mphepete mwa ngalande munkaoneka pamene khasu linadula. Anayang'ana nthawi yaitali, mvula ikumutsika kumaso. Anakonza katundu wake kumsana napitiriza ulendo.

M'nyumba yakale ya Delifa anakoleza moto, nafunditsa amayi awo bulangete. Apo m'pamene Delifa anayamba kulira.

"Miyezi inayi! Madzi ndinkasenza ine kuchokera kudambo, khosi ili mpaka kutupa. Miyala ija sinagwe yokha, ndaiona ine. Alipo watichita chipongwe. Ndikumudziwa. Ndi a Zakeyo aja, chikanganirane za malire a munda sanatipatsenso moni. Mawa ndikawatchula pabwalo, aone!"

"Usatchule munthu," anatero Etinala.

Anali ataima pafupi ndi chitseko, matope akuuma m'miyendo mwake.

"Usatchule munthu wosalakwa, Delifa. Ndine. Miyala ija ndinaika ine m'mawa uno."

Delifa analeka kulira n'kumuyang'ana mkulu wake.

"Inu, achemwali? Inu amene tinali nanu tsiku lonse, tikudya chimanga m'phale limodzi? Bambo awa akunena za ngalande, inu muli pomwepo, osanena kanthu?"

"Ndinali pomwepo."

"Chifukwa chiyani?"

"Munanditengera amayi osandifunsa," anatero Etinala, mawu akutuluka movutika. "Ine ndilibe mwamuna woumba njerwa. Ndilibe zenera loti ndiwapatse. Ndinali ndi iwo okha. Ndinati njerwa zikasungunuka, akhala nane chaka chinanso."

Delifa anatembenuza nkhope. Layisoni ankangoyang'ana manja ake. A Nangondo anali akufufuza kabotolo kawo ka fodya m'mphepete mwa nsalu. Atakapeza anakatsegula, naona kuti fodya yense wanyowa, nakatseka. Kenaka anamuyang'ana mwana wawo wamkulu, ndipo mawu awo sanali okalipa monga mwa masiku onse.

"Chitsiru cha mwana. Unkaganiza kuti ndikasamukira kumtunda kuno phala azindiphikira ndani? Delifa uyu amaphika ngati akufuna kumata khoma. Zenera lija likanayang'ana kuti? Si kum'mawa? Nanga kum'mawa kuli khomo la yani? Ine ndinkasangalala kuti ndizidzakuona ukutuluka m'mawa, ndizidzakukuwira ndili chigonere. Tsopano ndidzayang'ana chiyani? Mulu wa dothi?"

Etinala anagwa pansi, nagwira mapazi a amayi ake, nalira kulira kumene sanalirepo chimwalirire mwamuna wake.

"Lira ndithu," anatero a Nangondo, dzanja lili pamutu pake. "Kulira umakutha. Unalira mvula Lamulungu, mudzi wonse ukumva. Walira mvula, walira matope. Ndi awa abwera. Alandire, ndi ako."

Chimene Etinala ankaopa kuti chidzachitika chaka chamawa chinachitika tsiku lomwelo, ndipo anachichititsa yekha. A Nangondo sanabwererenso kumunsi, pakuti kunalibe kobwerera. M'mawa mwake anagwiritsa nkhuku n'kuipereka kwa Layisoni, nati, "Amene wandibereka kumsana sindingamuthawenso. Kuyambira lero tizidyera mbale imodzi." Etinala anamva zimenezi ali m'khitchini ya mng'ono wake, momwe anagona dzinja lonse pamodzi ndi nkhuni zimene zinayenera kuotcha njerwa.

Layisoni sanapite nayo nkhaniyi kubwalo, koma moni wake unafupika. Delifa sanalankhule ndi mkulu wake mpaka chimanga chitacha. Mbale ya ndiwo ankangoiika pakhomo la khitchini n'kubwerera. Etinala sanadandaule. M'mawa uliwonse ankaphika phala n'kukalipereka, ndipo amayi ake ankalinyoza monga kale. Imeneyo ndiyo inali mphindi yokha yotsekemera pa tsiku lake.

Chilimwe chitafika, tsiku lina Layisoni anatenga chikombole chake n'kupita kudzenje lokumbamo dothi kuti akayambirenso. Anapeza muli munthu kale. Etinala anali atakwinya chitenje mpaka m'maondo, atatunga madzi mitsuko inayi, akuponda matope yekha. Sanadzutse mutu. Layisoni anaima m'mphepete nthawi yaitali, kenaka anatula chikombole pansi.

"Alamu," anatero, "onjezerani madzi mbali iyo. Lalimba."

Mawu anali omwewo, koma Etinala anadziwa kuti chitseko chatseguka. Anaponda matope chilimwe chonse mpaka zidendene kung'ambika. Patapita masabata awiri Delifa anabwera ndi mtsuko pamutu, nathira madzi pamapazi a mkulu wake osanena kanthu, ndipo tsiku lotsatira anabweranso. A Nangondo ankakhala pamthunzi wa mtengo wa mango n'kumakuwa, "Ponda bwino, mwini matope!" Njerwa za chaka chimenecho zinaotchedwa mu Seputembala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Zinakwana nyumba ya zipinda zitatu, n'kutsalako zomangira kanyumba kakang'ono chapafupi, kum'mawa kwa zenera.

Anthu a ku Kamtedza atamva mawu amene a Nangondo ananena tsiku la mvula lija, anawasunga, ndipo anayenda m'midzi mpaka kutifika ife lero: Walira mvula, walira matope.

Tanthauzo lake, ana anga, ndi lakuti chilichonse chimene munthu akuchifuna chimabwera ndi zinzake. Mvula siibwera yokha. Mlimi woipempha ayenera kuvomera kuterereka panjira ndi kudetsa mapazi, ndipo asadandaule, pakuti matopewo ndi mvula yomwe ija itafika pansi. Wofuna banja avomerenso apongozi, wofuna mwana avomerenso matewera. Koma mwambiwu umachenjeza kwambiri munthu amene akulakalaka chinthu kuti chigwere mnzake. Nsanje imaonetsa munthu pamene madzi adzayambire, n'kumubisira kumene adzathere. Etinala anaona uvuni wa mlamu wake, koma sanaone kuti kumunsi kwa uvuniwo kuli khoma limene amayi ake atsamira.

Choncho musanapemphe kanthu, kaya kwa munthu kaya kwa Mulungu, yambani mwadzifunsa kuti mukukafuniranji, ndiponso ngati mudzalandire ndi matope ake omwe. Ndipo ngati mwalakwa kale, musathawe. Lowani m'dzenje, muwaponde matopewo ndi mapazi anu, pakuti dothi lomwe linagwetsa nyumba ya Etinala ndi lomwe linamangira ina. Ambuye atisunge ku mtima wa kaduka, ndipo mvula ikagwa pakhomo pa mnzathu, atiphunzitse kuthokoza ngati yagwa pathu.